Kuphunzitsa mwana pakhomo: tiyambe ndi buku liti?

 

Lero ndikufuna tikambirane funso limene landipeza kangapo konse kuchokera kwa anthu amene anadutsa m'manja mwanga. Ena ndi makalaliki ndi akapitawo m'maesiteti a tiyi muno, ena ndi anamwino, ena ali ku Joni. Funsoli limabwera pawiri. Ena amati, "Aphunzitsi, kusukulu kwa mwana wanga ana achuluka kwambiri m'kalasi, bwanji ndingomuchotsa ndizimuphunzitsa ndekha pakhomo?" Ena amati, "Mwana akupita kusukulu ndithu, koma ndikufuna ndizimuthandiza madzulo. Ndigule buku liti la galamala?"

Maganizo anga ndi awa. Mwana musamuchotse kusukulu pokhapokha zitavutitsitsa. Muzimuphunzitsa pakhomo tsiku ndi tsiku moonjezera pa za kusukuluzo. Ndipo buku loyamba kumugulira likhale la nkhani za m'Chichewa, la galamala ya Chingerezi lidzabwere pambuyo. Ndikudziwa kuti ena mwayamba kale kupukusa mitu, koma ndiloleni ndifotokoze.

Za kumuchotsa mwana kusukulu

Dandaulo la makolo ndi loona ndipo sindikulipeputsa. Boma litayambitsa maphunziro aulere a pulayimale mu 1994, chiwerengero cha ana m'sukulu chinakwera kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika cha m'ma 3 miliyoni m'chaka chimodzi chokha, ndipo zipinda ndi aphunzitsi sizinakwanirepo kuchokera nthawi imeneyo. Kalasi ya Sitandade 1 yokhala ndi ana oposa 100 si yachilendo kwa wina aliyense wa ife. Mphunzitsi angakhale waluso chotani, sangamvetsere mwana aliyense akuwerenga. Kholo loona mwana wake wafika Sitandade 4 asakutha kuwerenga kalata ya agogo ake liyenera kuda nkhawa.

Komatu mankhwala ake tiwaonetsetse. Ku America, kumene mchitidwe wophunzitsa ana pakhomowu ndi wofala, unaloledwa m'zigawo zonse za dzikolo pofika 1993. Ku South Africa lamulo la sukulu la 1996 limauvomereza malinga kholo lilembetse mwanayo ku boma. M'mabanja ambiri amene amachita zimenezi muli kholo limodzi lokhala pakhomo tsiku lonse, muli magetsi, intaneti, ndipo laibulale ili pafupi. Tiyeni tsopano tione tsiku la banja la pa esiteti. Nyengo ya mvula, tiyi akamaphuka kwambiri, mayi ndi bambo amalawira mbandakucha dengu kumsana, kukabwera dzuwa litapendeka, atatopa, nkhuni ndi madzi zikudikira. Kalaliki naye amaweruka mochedwa chifukwa masamba onse ayenera kudutsa pasikelo. Ndani atsale ndi mwana kuyambira 7 koloko mpaka masana? Mwana amene tikuti akuphunzira pakhomo amasanduka mlezi wa mng'ono wake, wotunga madzi, mwinanso wogulitsa nthochi pamsewu wa ku Limbe.

Zimenezi tinaziona ndi maso. Sukulu zitatsekedwa pa 23 Marichi 2020 chifukwa cha Covid-19, dziko lonse linayesa kuphunzitsa ana pakhomo kwa miyezi yoposa isanu. Boma linaika maphunziro pa wailesi, koma wailesi imafuna mabatire ndiponso munthu wamkulu wokhala pambali pa mwana. Sukulu zitayamba kutsegulidwa mu Seputembala ndi Okutobala chaka chomwecho, atsikana zikwizikwi m'dziko muno anali atatenga mimba kapena kukwatiwa, ndipo ambiri mwa amene anabwerera anali ataiwala zimene ankadziwa. Mu Marichi 2023 namondwe wa Freddy anatsekanso sukulu m'maboma a kum'mwera kuno, Thyolo ali momwemo, zipinda zina zitasanduka misasa ya anthu othawa madzi. Pa nthawi ziwiri zonsezi, ana amene anabwerera ali bwino m'kalasi mwanga anali a m'makomo momwe chizolowezi chowerenga chinalipo kale.

Tisaiwalenso kuti lamulo la maphunziro la 2013 linati maphunziro a pulayimale ndi okakamiza, ndipo khomo lolowera ku sekondale ya boma ndi mayeso a MANEB a Sitandade 8. Kusukulu mwana amaphunziranso kudikira nthawi yake, kutsutsana ndi anzake popanda nkhonya, kuimirira pagulu ndi kuyankhula. Izi pakhonde la nyumba sizipezeka mokwanira.

Zilipo nthawi zimene mwana amakhaladi pakhomo popanda kuchitira mwina: matenda a nthawi yaitali, ulumali pamene sukulu ili kutsidya kwa phiri, mitsinje ikadzaza, kapena banja likamasamukasamuka. Makolo oterewa zimene ndikunena m'munsimu zikuwakhudza kwambiri, ndipo ndikuwapempha kuti dzina la mwana likhalebe m'kaundula wa sukulu yapafupi, azionana ndi ahedi pafupipafupi.

Chichewa choyamba

Makolo ambiri akamati galamala amatanthauza Chingerezi, ndipo chifukwa chake n'chomveka. Munthu sangalandire satifiketi ya MSCE atalephera Chingerezi, ndipo ntchito ya muofesi ya pa esiteti imafuna Chingerezi. Nalo boma lakhala likusinthasintha pa nkhaniyi. Mu 1968 Chichewa chinasankhidwa kukhala chiyankhulo cha fuko. Mu 1996 unduna unalamula kuti ana a Sitandade 1 mpaka 4 aziphunzira m'chiyankhulo cha kwawo. Lamulo la 2013 linati chiyankhulo chophunzitsira chikhale Chingerezi. Mu 2016 kunabwera ndondomeko ya dziko lonse yophunzitsa kuwerenga m'makalasi oyambirira, m'Chichewa ndi m'Chingerezi momwe. Kholo likasokonezeka, sindingalidzudzule.

Ine ndimayang'ana zimene zimafika pa desiki langa mu Folomu 1. Amabwera ana otha kulakatula tanthauzo la noun ndi la verb ngati pemphero, koma ukawauza kuti alembe ndime imodzi yofotokoza ulendo wawo wochokera kunyumba kufika kusukulu, cholembera chimauma. Vuto lawo lalikulu n'lakuti sanazolowere kuwerenga m'chiyankhulo china chilichonse.

Munthu amaphunzira kuwerenga kamodzi kokha m'moyo wake, ndipo amaphunzira msanga m'chiyankhulo chimene amachimva. Chichewa chili ndi mwayi wina waukulu: chimalembedwa pafupifupi monga momwe chimamvekera. Malembo a liwu ndi asanu, a, e, i, o, u, ndipo sasinthasintha. Mwana akadziwa maphatikizo monga ma, me, mi, mo, mu, kenako mba, ndi, nkho, atha kuwerenga mawu amene sanawaonepo. Taonani Chingerezi: though, through, tough ndi cough amathera ndi malembo ofanana koma aliwonse amatchulidwa mosiyana. Mwana wa zaka 6 tikamuyamba ndi zimenezi, m'chiyankhulo chimene sachimva, timamuphunzitsa kuti kuwerenga ndi kuloweza phokoso lopanda tanthauzo. Koma amene wagwira kuwerenga m'Chichewa amadziwa kale kuti malembo amaimira mawu, kuti chiganizo chimathera pa mpumiro, kuti nkhani ili ndi chiyambi ndi mathero. Nzeru zimenezi amapita nazo ku Chingerezi.

Kuno kwathu nkhaniyi ili ndi mbali inanso. Makolo a ambiri a ife anachokera ku Mozambique kudzagwira ntchito m'minda ya azungu, ena nalowa m'goli la thangata, ndipo m'mibadwo itatu yokha Chilomwe chinazilala m'makomo ambiri chifukwa anthu ankachita nacho manyazi. Lero a Mulhako wa Alhomwe akuyesetsa kuchitolera. Ndikaona kholo likukalipira mwana chifukwa wayankhula Chichewa m'nyumba, ndimakumbukira mbiri imeneyi. Ngati agogo alipo amene amayankhula Chilomwe kapena Chimang'anja chenicheni, asiyeni azimuuza mwana nthano m'chiyankhulo chimenecho. Mutu wa mwana sudzaza ngati dengu.

Mabuku oyenera kukhala pakhomo

Choyamba, buku limene mwana akugwiritsa ntchito kusukulu, lokonzedwa ndi a Malawi Institute of Education ku Domasi. Limeneli ndiye msana, chifukwa mayeso amachokera m'silabasi yomweyo. Mabuku a boma sagulitsidwa, choncho kapempheni kwa ahedi kuti mwana azibwera nalo kunyumba, inu mulikutire bwino ndi pepala la pulasitiki, mudzalibweze lili bwino. Kholo lidziwe mutu umene mwana ali sabata imeneyo kuti za pakhomo zisamakokane ndi za kusukulu.

Chachiwiri, zowerenga za m'Chichewa, zochuluka momwe mungathere. Kwa ana aang'ono timabuku ta nthano, masamba a Chichewa a m'nyuzipepala, ngakhale buku la nyimbo la kutchalitchi. M'makomo ambiri muli Buku Lopatulika kapena Buku Loyera, ndipo nkhani ya Yosefe kapena ya Rute ndi yokwanira kuwerenga madzulo angapo. Buku Loyera, lotuluka mu 1998, lili ndi Chichewa chapafupi ndi cha masiku ano kuposa Buku Lopatulika la 1922, choncho mwana savutika nalo kwambiri. Mwana akafika Sitandade 6 kapena 7 mupatseni mabuku amene anatilera ife: Nthondo la Samuel Josia Nthara, Sikusinja ndi Gwenembe la John Gwengwe, Kokha Mcheperawakalulu la E.J. Chadza, Njala Bwana la Willie Zingani. Ena mwa mabukuwa ndi osowa, koma mukafunsa kwa aphunzitsi opuma ntchito, m'malaibulale a sukulu za mishoni kapena kwa ogulitsa mabuku akale ku Limbe ndi ku Blantyre, mudzawapeza.

Chachitatu, mtanthauziramawu. Ulipo wa Chichewa chokhachokha, Mtanthauziramawu wa Chinyanja, umene a Centre for Language Studies ku Zomba anatulutsa mu 2000. Ulipo wina wa Chichewa ndi Chingerezi wokonzedwa ndi Steven Paas. Mabanja awiri kapena atatu a mzere umodzi atha kusonkherana n'kugula umodzi. Mwana wozolowera kufufuza yekha mawu wapeza mphunzitsi amene satopa.

Chachinayi ndiye galamala. Ya Chichewa, buku la I.A.J. Nankwenya lotchedwa Zofunika mu Galamala wa Chichewa likadali lothandiza, koma ndi la kholo, kuti likumbukire magulu a mayina ndi msintho wa aneni. Mwana wa Sitandade 3 musamupatse m'manja. Kumbukiraninso kuti malamulo a kalembedwe ka Chichewa anatuluka mu 1973 ndipo anakonzedwanso mu 1980 ndi mu 1990, kotero mabuku akale kwambiri amalemba mawu ena mosiyana ndi momwe aphunzitsi akuchongera lero. Pakakhala kusiyana, tsatirani buku la kusukulu.

Ya Chingerezi, ambiri a ife tinakula ndi First Aid in English la Angus Maciver ndi Brighter Grammar la C.E. Eckersley. Ndi mabuku abwino obwerezera kwa mwana wa Sitandade 6 mpaka 8, koma mndandanda wa mawu uli m'menemo si woti mwana aloweze wonse ngati mavesi. Buku limene ndimalikonda kwa mwana wa Sitandade 7 kupita m'tsogolo ndi Essential Grammar in Use la Raymond Murphy, chifukwa linalembedwera anthu amene Chingerezi si chiyankhulo chawo: tsamba lina likufotokoza, tsamba linalo ndi ntchito yoti achite. Wren and Martin, lija la 1935 lolembedwera sukulu za ku India, lisungireni mwana wa Folomu 3.

Chenjerani ndi makatoni ochokera kunja

Masiku ano ena mwa inu muli ndi abale ku Johannesburg kapena ku America amene amatumiza mabuku athunthu a maphunziro a pakhomo, monga a Abeka kapena a ACE. Ena mumakopera masamba pa intaneti n'kukasindikiza pa boma. Ndi okongola, mapepala ake ndi osalala, ndipo nkhani zina za m'menemo mwana atha kusangalala nazo. Koma ngati msana wa maphunziro a mwana wa kuno, ndikukana.

Mabuku amenewa analembedwera mwana amene anabadwira m'Chingerezi. Mwana wotero amayankhula kale bwino, buku limangomuuza mayina a zimene akudziwa. Wathuyu mavuto ake ndi ena, ndipo amachokera ku Chichewa chimene. M'Chichewa timati iye, kaya ndi mwamuna kaya ndi mkazi, n'chifukwa chake mwana amati he ponena za amayi ake. Tilibe timawu tofanana ndi a ndi the, choncho amatisiya kapena kutiika paliponse. Timati ndibwereke cholembera, iye n'kumasulira kuti borrow me. Ukamufunsa kuti sunadye, amayankha kuti inde, kutanthauza kuti sanadye, pamene Mngerezi pamenepo amati no. Kwa ife l ndi r ndi liwu limodzi limene kalembedwe kamalisiyanitsa, r pambuyo pa e ndi i monga mu kulera ndi kulira, l m'malo enawo monga mu kulola. N'chifukwa chake play ndi pray, glass ndi grass zimamusokoneza. Malembo athu a liwu asanu aja sakwanira kusiyanitsa hat, hut, hurt ndi heart. Buku la ku Florida silinenapo kanthu pa zonsezi chifukwa mwana wa kumeneko sakhala nawo mavutowa.

Onjezanipo kalembedwe. Iwo amalemba color ndi center, pamene kuno timatsatira kalembedwe ka ku Britain, colour ndi centre. Nkhani zake n'za chipale chofewa, za masenti a dola ndi za apulezidenti a ku America. Mwana amathera mphamvu pa kulimbana ndi dziko limene sanalionepo m'malo molimbana ndi chiganizo. Ngati katoniyo yafika kale, sankhanimo timabuku ta nkhani tosavuta, tina tonseto tidikire.

Mphindi 30 pa tsiku

Kholo lotopa silingakwanitse maola atatu, koma mphindi 30 zimatheka, ngakhale pa nyali ya sola kapena tochi ya foni. Mphindi 10 zoyamba mwana awerenge mokweza, inu mukumvetsera, kenako mumufunse kuti wamva chiyani, afotokoze m'mawu akeake. Kholo losadziwa kuwerenga lingathenso kuchita zimenezi, chifukwa khutu limadziwa ngati nkhani ikumveka kapena ayi. Mphindi 10 zotsatira ndi lembetso: ziganizo zitatu kapena zinayi kuchokera pa zimene wawerengazo, kenako adzichonge yekha poyang'ana m'buku, aone pamene wasiya mpumiro, mpatuliro kapena mfunsiro. Mphindi zotsalazo alembe zakezake.

Galamala ituluke m'ziganizo za mwanayo. Mwana wa zaka 4 amati dengu langa ladzaza, madengu anga adzaza, chitini changa chadzaza, zitini zanga zadzaza, osalakwitsa ndi pang'ono pomwe. Mgwirizano wa mayina ndi aneni ali nawo kale pakamwa. Ntchito yanu ndi kumuonetsa kuti taona, dzina likasintha mawu otsatirawo asinthanso, kenako n'kumuuza kuti awa ndiwo magulu a mayina. Akazindikira zimenezi m'Chichewa, tsiku limene adzakumane ndi the basket is ndi the baskets are sadzadabwa.

Mitu ya chimangirizo ili pakhomo pomwepo. Muuzeni alembe ulendo wa tiyi: kuthyola masamba awiri ndi kansonga, kuyeza pasikelo, kupita ku fakitale, kufotetsa, kudula, kusiya kuti asinthe mtundu, kuumitsa, kulongedza m'matumba mpaka kukafika ku okushoni ya ku Limbe. M'nkhani imodzi yomweyi aphunzira mawu olumikizira monga poyamba, kenako, zitatero, pomaliza, ndipo aphunzira kuika mfundo m'ndondomeko. Sabata yotsatira alembe nkhani yomweyo m'Chingerezi chosavuta. Akalakwitsa malo khumi, konzani awiri okha, enawo mawa. Tsamba lodzaza ndi inki yofiira limapha mtima wa mwana, ndipo ife aphunzitsi tikudziwa bwino zimenezi.

Wailesi nayo ndi buku. Mvetserani limodzi nkhani za m'Chichewa, kenako za m'Chingerezi, mwana anene zimene wagwirapo. Loweruka pakhale ndagi, mikuluwiko ndi nthano, chifukwa zining'a ndi mikuluwiko zimabwera pa mayeso a Chichewa ndipo mwana woziloweza m'buku samufika mnzake amene anazimva pamoto.

Kwa aphunzitsi anzanga

Kholo likabwera kudzafunsa za mabuku tisalione ngati likutiderera. Tiliuze mutu umene tili, tilibwereke buku ngati lilipo, tilionetse mmene lembetso limachitikira. Ndipo tisasandutse nkhawa ya makolo kukhala msika wa patitaimu wolipiritsa, chifukwa amene adzatsalire ndi ana a othyola tiyi omwe aja, amene makolo awo ndalama ya pa mwezi imatha lisanafike tsiku la 15. Pa misonkhano ya makolo ndi aphunzitsi, tipatule mphindi zochepa zoonetsa makolo mmene angamvetsere mwana akuwerenga. Kumene kuli magulu a amayi oyang'anira atsikana pasukulu, tiwapatse bokosi la mabuku loti lizizungulira m'mizere ya nyumba za pa esiteti. Mutu umodzi susenza denga.

Kwa inu ana anga akale amene muli m'tauni ndi kunja, mukamabwera kumudzi pa Khirisimasi, pakati pa shuga ndi zitenje ikanipo buku limodzi la nkhani za m'Chichewa ndi lina la Chingerezi chosavuta. Mudzalembe dzina la mwanayo pachikuto, ndipo mukadzabweranso mudzamufunse kuti akufotokozereni zimene anawerengamo.

Amene muli ndi maganizo osiyana ndi angawa, makamaka aphunzitsi a ku pulayimale amene mumakhala ndi tianati tsiku lonse, ndikufuna ndimve kwa inu. Ndatha ine mphunzitsi wanu, kuno ku Thyolo.